Tizala ta M'mimba mwa Tiyamike

Matema, Tete
10 Marso 2024

Mana Dulce,

Landirani moni wa kuno kotentha. Ndikhulupirira kuti inu, alamu a Joaquim ndi onse ku Tsangano muli bwino. Ndalemba kalata chifukwa foni ya kwanuko imakhala m'thumba la alamu, ndipo ikagwira amayankha okha ngati pa ofesi ya boma. Amadeu wa lole ya mbatata ya kachewere wavomera kuti azititengera makalata akamabwera ku msika wa Kwachena.

Mwana wanu wazolowera. Kusukulu akupita, ndipo Chinyungwe chayamba kale kumulowa. Dzulo wandipatsa moni woti "muli tani, titiya." Koma chimene chamugwira mtima Tiyamike ndi pau, buledi wa kuno. Padariya, pophikira bulediyo, ili kuseri kwa nyumba yathu, fungo limalowera pazenera m'mawa, ndiye mwana amadzuka yekha osamugwedeza. Amadya m'mawa, wina amatenga kusukulu, madzulo amafunanso wa tiyi.

M'mimba mokha ndi momwe simunakhazikike. Amatsegula masiku ena, kenako n'kusiya. Ndikuganiza kuti ndi madzi a kuno, choncho ndayamba kuwiritsa.

Ku kurso yanga, maphunziro aja a za laboratoriyo, mwezi uno tili pa matumbo. Musaseke. Mukukumbuka amayi akutipatsa matumbo a mbuzi kuti tikatsuke kudambo, ife n'kumakankhizana? Tikawatembenuza ndi kamtengo, aang'ono aja m'kati mwake munkamveka ngati khungu la pichesi. Tsopano ndaona chimene chinkatikhudza chala. Pa mikrosikopiyo, makina okulitsa zinthu zosaoneka ndi maso, ubweya uja ndi tizala tambirimbiri toimirira mothinana, ndipo ndi timeneto timayamwa chakudya kuti chilowe m'magazi. Aphunzitsi amati vilozidade, ine ndimangoti tizala. Thumbo lalikulu lilibe tizala. Lili ndi timaenje tondandalika ngati mapando a chimanga, m'kati mwake muli tizikho totulutsa zoterera, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kumwa madzi otsala. Ndinakakamira pamakinapo mpaka mnzanga anachita kundikoka malaya. Munthu ndi wokongola m'kati, mana, ngakhale alamu a Joaquim.

Mutitumizireko nyemba. Za kuno ndi zofumbwa.

Mng'ono wanu,
Gizela

Tsangano
2 Abrili 2024

Gizela mng'ono wanga,

Kalata yako ndalandira. Powawerengera alamu ako, mawu a kukongola kwawo kwa m'kati aja ndinawadumpha. Kuno tili bwino, kungoti kwayamba kuzizira. Nyemba zili ndi Amadeu, ndaikamonso kachewere.

Chaka chino alamu ako afesa tirigu koyamba, munda wonse wa kumtunda uja. Akuti tikakolola andimangira uvuni wa njerwa kuti ndiziphika pau wogulitsa pamsewu. Ndiye usadzitame ndi padariya yako.

Za m'mimbazo usade nkhawa kwambiri. Tiya ndi wa m'mimba chibadwire. Chaka chilichonse pa Natali, pa Khirisimasi paja, amatsegula, chifukwa samva akamakanizidwa mapichesi osapsa. Ngati nsima ikumukanika, muwonjezere pau amene akumufunayo. Wodwala amadya chimene mtima wake wakonda. Ife tinakula pau tikumuona pa Natali pokha, kapena munthu akagona m'chipatala. Mwana wanga adye.

Ukudziwa kuti bambo ake sankafuna kuti apite. Ndinachita kuwagwadira kuti mwana akaphunzire sukulu ya m'tauni kwa mayi ake aang'ono. Usandichititse manyazi. Undiuze ngati nsapato zija zikumukwanabe.

Mkulu wako,
Dulce

Matema, Tete
14 Mayu 2024

Mana Dulce,

Moni kwa nonse. Lero sindiseka. Kalatayi muwerenge pamodzi ndi alamu, osadumpha kanthu.

Tiya sali bwino. Siketi ya kusukulu ndaipinda kawiri m'chiuno, koma mimba yokha ndi yotupa, yolimba. Manja ndi miyendo zatha. Chimbudzi chake ndi choyererako, chamafuta, chonunkha kwambiri. Kusukulu wasiya, amangogona pamkeka pakhonde. Ndikumupatsa pau monga munanenera, pakuti ndi chokhacho chimene akulandira.

Kuchipatala tapitako kangapo. Mankhwala a njoka za m'mimba wamwa. Malungo alibe, chifuwa chachikulu alibe, ngakhale matenda aja tonse timawaopa alibe. Magazi okha ndi ochepa. Dotora Teresa, amene amaona ana, anandifunsa ngati mwanayu timamudyetsa. Ndinachita manyazi, mana, ndinalira pamaso pawo. Kenako anati mwana akamadya koma osanenepa, ndiye kuti chakudya chikungodutsa, ndipo ayenera kuona thumbo lenilenilo.

Sabata yamawa kukubwera dotolo wina wochokera ku Beira, ndipo akhala masiku ochepa. Ali ndi kapaipi kowala kumapeto. Amamugoneka mwana, n'kukalowetsa pakamwa mpaka poyambira thumbo laling'ono, n'kutsinako pang'ono kuti akaone pa mikrosikopiyo. Sang'amba mimba ayi. Koma pakufunika kholo lisaine. Ndikudziwa kuti za thupi la mwana mwini mawu ndi bambo ake. Foni ndaimba mpaka chala chauma, sikugwira. Chonde alamu abwere, kapena andiyankhe kudzera kwa Amadeu akamabwerera kuno Lachisanu. Dotoloyu akapita, sakudziwika kuti adzabweranso liti.

Ndine,
Gizela

Matema, Tete
27 Mayu 2024

Mana Dulce ndi alamu a Joaquim,

Ndikhulupirira muli bwino. Yankho lanu sindinalandire. Lachisanu ndinakhala ku Kwachena mpaka ogulitsa anayamba kuphimba katundu, Amadeu osaoneka. Anzake akuti lole inafera ku Mussacama popita, ndiye mwina kalata yanga ikadali m'lolemo. Iyi ndapatsira kondakitala wa chapa, minibasi ya kwanuko.

Ndasaina ine. Ndinene mosazungulira. Tsiku lomaliza la dotolo uja linafika, mwana atagona pabenchi osatha ngakhale kupirikitsa ntchentche. Dotora Teresa anati, "Mayi, ndinu amene mulipo." Ndikudziwa kuti mutu umodzi susenza denga, koma denga linali kugwa, ndipo mutu unalipo ndi wanga wokha.

Zinayenda bwino. Anatsina tizidutswa tinayi, kalikonse kochepa kuposa njere ya mapira. Ndinationa ndi maso anga akutiika m'kabotolo ka mankhwala oti tisawole, n'kulembapo dzina lake. Tizidutswato tapita ku Beira, chifukwa wodziwa kuwerenga zimenezi ali kumeneko. Kumeneko akatiumitsa m'phula, akatisenga mopyapyala kuposa khoko la anyezi, akatipaka utoto pa kagalasi, ndiye akaona. Akuti mzere ndi wautali, tidikire. Tiya anadzuka bwinobwino, n'kufunsa tiyi.

Nkhani yabwino ilipo imodzi. Mayeso ndakhoza, ndipo andisankha kuti ndiyambe kuphunzira ntchito m'laboratoriyo ya chipatala chomwechi. Ndikhala pafupi ndi zonse za mwana.

Musandikwiyire. Ndinachita zimene mukanachita inu.

Gizela

Tsangano
3 Junyu 2024

Mlamu Gizela,

Moni. Ife tilipo.

Makalata anu awiri afika tsiku limodzi. Ina ikupempha, ina ikuti mwachita kale. Ndiye munkapempha chiyani?

Mwina kuwerenga kwakuiwalitsani, ndikukumbutseni. Kwathu kuno mwana akametedwa tsitsi loyamba sitilitaya pabwalo. Mchombo ukagwa timaukwirira tokha, pamalo pomwe mlendo sadziwa. Inu munakulira momwemo. Lero mwatenga nyama ya m'mimba mwa mwana wanga, mwapereka kwa munthu yemwe sindikumudziwa ndi dzina lomwe, waiika m'botolo, yapita ku Beira. Bambo ake ndili moyo. Amalume ake ali moyo. Munafunsa yani?

Mwana anachoka pano akuthamanga, akukwera mitengo. Walowa m'nyumba mwanu, iye akutha, inu mukukhoza mayeso ndi kupeza ntchito mwezi womwewo. Ine sindinanene kanthu. Koma kalata yanu inawerengedwa pamaso pa akuluakulu, ndipo atamva za ntchitoyo palibe anayang'ana mnzake.

Loweruka ndikubwera kudzatenga mwana wanga. Mumukonzere zovala. Nyamayo muibweze yonse, tizidutswa tinayi monga mwanenera, tidzaikwirire tokha.

Joaquim

Tsangano
11 Agosto 2024

Gizela,

Moni. Ndakhala chete nthawi yaitali chifukwa sindimadziwa ndiyambire pati. Kalatayi ndalemba alamu ako ali kumunda.

Tiya akuchira. Anafika kuno atanyamulidwa ngati katundu, sabata zoyamba tinkagona maso. Tinkangomupatsa phala, kenako nsima ya nyemba ndi kachewere. Tsopano kutsegula kwaleka, mimba yaphwa, masaya abwerera. Dzulo ndamupeza ali pamwamba pa khola la mbuzi. Mankhwala a kuchipatala sanamweko ngakhale amodzi.

Bambo ake anapita naye kwa munthu wina kuseri kwa phiri. Anamutema mphini, n'kunena kuti chimene chinkamudya mwana chili m'nyumba ya wachibale wamkazi, kufupi ndi madzi aakulu. Ine ndinakana, Gizela. Ndinati uyo ndinamubereka kumsana amayi ali kumunda, ndikumudziwa. Ndinakangana nawo mpaka anandiuza kuti ndisankhe, mwana kapena mng'ono. Koma maso anga ndiwatani? Kwa iwe ankafa, kuno akuchira. Ndikapita kudambo amayi anzanga amasiya nkhani. Kwa ine khoswe wakhala pamkhate.

Unandilembera kuti munthu ndi wokongola m'kati. Ndinaseka tsiku lija. Tsopano mawu amenewo akandibwerera ndimachita mantha, ndipo ndimadana nawo mtima wanga chifukwa cha manthawo.

Ngati pali chimene unachita, ngakhale mosadziwa, ngakhale wina anakunyenga kuti upeze ntchito, undiuze ine ndekha. Nyama ija ukaibweza, mwina akuluakulu aziziritsa mitima.

Tirigu wacha, uvuni atha kale kumanga osadikira kukolola. Nyemba ulendo uno sinditumiza, andiletsa.

Dulce

Matema, Tete
4 Setembro 2024

Mana Dulce,

Moni, ngati moni wa mfiti mumalandira.

Kalata yanu ndinaiwerenga nditaimirira pa Kwachena, pakati pa matumba a kachewere, ndipo Amadeu anachita kundikhazika pansi. Za alamu sizinandidabwitse. Tsiku lija anadzatenga mwana anakana mpando, anakana madzi, anamuvula mwana diresi limene ndinamugulira n'kulisiya pakhomo. Ndinati ndi mantha a bambo, adzatha. Koma inu, mana? Inu kundifunsa ine ngati ndinagulitsa Tiya? Ndakwiya, ndipo sindibisa. Koma mkwiyo wanga udikire, pali chachikulu.

Zotsatira zabwera kuchokera ku Beira. Mukumbuke tizala ndinakuuzani tija, toyamwa chakudya. M'thumbo la Tiya tatha. Tafupika, taphwa, pamwamba pangosalala, timaenje ta pansi pake ndi tomwe tatalika. Thumbo laling'ono layamba kuoneka ngati lalikulu, lopanda choyamwira. N'chifukwa chake ankadya koma chakudya chikungodutsa. M'khungu la thumbolo mwadzazanso asilikali a m'magazi ake omwe, ndipo ndi amene akuwononga tizalato.

Dotora Teresa akuti chimene chimawautsa asilikaliwo, mwa ana ena obadwa choncho, ndi tirigu. Matendawa amawatcha seliyaka. Kuno saoneka kawirikawiri, n'chifukwa chake sanawaganizire msanga. Akufuna amuyezenso magazi kuti atsimikize, koma akuti tisadikire: mwana asadye chilichonse cha tirigu. Pau, mabisiketi, mandasi, makaroni, zonsezo ayi. Chimanga, mpunga, mapira, chinangwa, kachewere, nyemba, adye mmene angathere. Tirigu akachoka, tizala timaphukanso.

Mwamva, mana? Sanachire chifukwa anachoka m'nyumba mwanga. Anachira chifukwa anachoka kuseri kwa padariya. Munthu wa kuseri kwa phiri uja ananena zoona pa chimodzi: chomudya mwana chinalidi m'nyumba mwanga. Chinali m'mbale, ndipo ndinkamupatsa ndi dzanja langa, m'mawa ndi madzulo, ndikumunyengerera kuti amalize.

Munati uvuni watha. Mana, ndagwira mwendo wanu. Phikani, gulitsani, koma Tiya asalawe ngakhale nyenyeswa. Ufa wake usakhudze mbale yake, ndipo chimanga chanu musagayitse pamodzi ndi tirigu.

Za nyama ija ndapempha. Akuti kagalasi ndi kotsala ka m'phula atumiza kuno. Alamu adzabwere adzaone okha.

Gizela

Tsangano
15 Setembro 2024

Mlamu Gizela,

Moni. Kalata yanu mkazi wanga wandipatsa, ndawerenga yonse.

Ndiye mfiti yapezeka, ndi tirigu wanga. Tete yense amadya pau m'mawa uliwonse, kuyambira bwanamkubwa mpaka wokankha ngolo, ndipo sindinamve kuti matumbo awo asalala. Kutchalitchi ansembe amatipatsa tirigu yemweyo paguwa. Inu mwakhala miyezi itatu mukufuna pothawira, ndipo mwapeza munda wanga, chaka chomwe ndakolola koyamba.

Ndinapempha nyama ya mwana wanga. Mukundiyankha za tizala tomwe palibe munthu kuno anationapo.

Uvuni tayatsa Lachiwiri. Pau woyamba kutuluka ndinamunyema ndekha, ndinapatsa Tiyamike pamaso pa anthu. Wadya tsiku limenelo, wadya dzulo, wadya lero. Panopa akusewera panja, ndikumumva kuseka.

Musalembenso kunyumba kuno.

Joaquim

Matema, Tete
9 Outubro 2024

Mana Dulce,

Moni. Iyi ndapatsa Madalena, mkazi wa Amadeu, kuti akupatseni m'manja potuluka m'tchalitchi. Andiletsa kulemba, koma sanandiletse kukhala mayi wake wamng'ono.

Amadeu akuti pau wanu akuyenda malonda, madalaivala akuimira pamsewu. Akutinso masiku oyamba Tiya ndi amene ankanyamula dengu, koma sabata ziwiri zapitazi sanamuone. Atafunsa, munati wagona. Mana, wagona chifukwa chiyani?

Matendawa sagwetsa munthu tsiku lomwelo. Amadya pang'onopang'ono ngati chiswe, n'chifukwa chake alamu anamuona akuseka. Tizala tinali titangoyamba kuphuka, ndipo thupi lake lilibenso posungira.

Ine musandikhulupirire. Dotora musamukhulupirire. Khulupirirani zimene munandilembera nokha mu Abrili. Munati chaka chilichonse amatsegula pa Natali chifukwa cha mapichesi osapsa. Mapichesi amayamba kuwathyola Novembro. N'chifukwa chiyani amadikira Natali kuti adwale? Kunyumba kwanu pau ankalowa tsiku liti pachaka? Ndipo pano ine ndili kutali, m'mphepete mwa Zambezi, nyumba yanga sanaipondemo chichokereni. Ngati wayambanso, wamudwalitsa ndani?

Mukaona maso alowa, kapena mapazi atupa, kapena akukana kumwa, musadikire msonkhano wa akuluakulu. Amadeu akuti akukwezani kutsogolo tsiku lililonse limene mungaime pamsewu. Mukafika musapite ku Matema ngati mukuopa nyumba yanga. Pitani kuchipatala, mukafunse Dotora Teresa. Ine ndikhoza kuima panja.

Gizela

Tete, kuchipatala
21 Outubro 2024

Bambo a Tiya,

Moni. Ndikudziwa kuti munabwera kuchokera ku Ulongwe kogulitsa tirigu n'kupeza nyumba yotseka. Sindinathawe ukwati. Ndili ku Tete ndi mwana, ndipo sindinakupempheni chifukwa mukanakana.

M'mawa umene munachoka, mapazi ake anali atatupa, ndikadina chala dzenje limatsala. Ndinamupatsa madzi, anatembenuza nkhope. Ndinamubereka n'kukaima pamsewu. Pofika pamlatho wa Zambezi anali atasiya kundiyankha. Amadeu analowa ndi lole yonse ya kachewere mpaka pageti la chipatala.

Gizela anatuluka akuthamanga, atavala choyera cha kuntchito. Sanandipatse moni, sanandifunse kanthu. Anangomulanda mwana kumsana kwanga n'kulowa naye. Achipatala anamuika madzi a m'mitsempha, kuno amati soro, ndipo anamuwonjezera magazi. Dotora Teresa anandiuza kuti, "Mukanagona naye kumudzi tsiku lina limodzi, sindikudziwa." Mpaka lero sananene kuti ngozi yatha.

Nyama munkaifuna ija ilipo, yabwera. Ndaiona. Adotolo atalola, Gizela ananditengera m'chipinda chawo chozizira. Anandionetsa kaphula konga kachidutswa ka kandulo, m'kati mwake muli timadontho tosakwana nsabwe. Palibe anaidya, palibe anaigulitsa, dzina la mwana wathu lalembedwa pambali. Kenako anandikhazika pa makina aja. Poyamba ndinkangoona nsidze zanga. Anandigwira mutu, n'kupotokola pang'ono, ndiye zinaoneka, zofiirira ndi zamtundu wa maluwa a kachewere.

Anayamba ndi kagalasi ka kusukulu kwawo, ka thumbo la munthu wabwinobwino. Bambo a Tiya, tizala tija tilipodi. Taimirira mothinana ngati tirigu wanu mu Agosto. Kenako anaika ka Tiya. Ndi munda womwewo mutamweta. Ndinafunafuna ngakhale kamodzi koimirira, sindinakapeze. Ndinafunsa ngati makina sanalakwe, iye anangobwezera koyamba kaja, kenako ka Tiya, mpaka ndinati basi. Magazi amene anamuyeza titafika anenanso chimodzimodzi.

Akuti akamaliza nazo mukhoza kudzatenga kaphulako mukakwirire. Mudzatenge ngati mukufuna. Ine nyama imene ndikuifuna ndi yotsalayi, imene ikupuma pabedi.

Dzulo anatsegula maso bwinobwino, anamwa phala la mpunga masipuni angapo, ndipo silinabwerere. Nthawi yoona odwala itakwana, anthu analowa ndi timatumba, ndipo mukudziwa chimene munthu amatengera wodwala. Chipinda chonse chinanunkhira pau. Agogo ena a pabedi loyandikana nafe, Anyungwe, munthu wabwino amene wakhala akundibwereka beseni, ananyema wawo n'kumuika m'manja mwa Tiya ine ndikutsuka kapu. Nditatembenuka mwana anali akupita naye kukamwa. Ndinamumenya dzanja, pau n'kugwera pansi. Mwana wanga wodwala, wopanda mphamvu ngakhale yolirira, anandiyang'ana n'kuti, "Amayi, njala." Agogo aja anagwira pakamwa. Amayi onse m'chipindamo anasiya kudyetsa ana awo n'kumandiyang'ana, wina anakokera mwana wake kumbali. Ndinayesa kufotokoza za tizala, koma Chinyungwe sindichidziwa, ndipo ngakhale ndikanachidziwa, ndani akanamva? Ndinaima pamenepo ngati mfiti yogwidwa masana. Ine zinandigwera kwa kanthawi, pakati pa alendo. Mng'ono wanga tamuimika pamenepo miyezi isanu, ife abale ake.

Madzulo ndinafuna kumuuza. Ndinangoti, "Gizela," iye n'kuti, "Mana, kwezani dzanja la mwana, soro asiya kudontha." Amagona pansi pambali pa bedi, m'mawa n'kupita kuntchito. Kusandifunsa kwakeko kukundipweteka kuposa akanandilalatira.

Dotora akuti tizala tidzaphukanso, koma tirigu asadzalowenso m'kamwa mwake moyo wake wonse, ndipo ngakhale ufa wouluka pokanda ukhoza kumugwera m'mbale. Za mkate wa paguwa ndidzakamba ndi ansembe ndekha. Uvuni uja ndinaupempha ndine, ndipo pau amene wamufikitsa pano ndinakanda ndi manja angawa. Muugumule ndisanabwere. Ndikadzaupeza uli chiimire, ine ndi mwana sititsika m'lole.

Mkazi wanu,
Dulce

Tsangano
24 Outubro 2024

Mayi a Tiya,

Moni. Kalata ndawerenga.

Uvuni ndagumula. Tirigu ndagulitsa yense, ndi wa mbewu yemwe. Amadeu akubwera ndi ufa wa chimanga, ndakagayitsa kuchigayo cha kutsidya komwe sagaya tirigu. Akubweranso ndi mbuzi. Mbuziyo ndi ya mlamu Gizela. Mawu ake sindilemba m'kalata, ndidzanena ndi pakamwa panga pamaso pa akuluakulu omwe aja.

Kaphulako kakhale komweko, mwina adotolo adzakafunanso.

Foni ndili nayo pachulu paja imagwirira, ndipo sindichokapo. Mupemphe mlamu aimbe, ngati angalole. Andiuze chimodzi chokha: mwana wadya lero?

Joaquim